Chilembo chimodzi ndi ukwati wa mdzakazi wachihebri

M'nkhani ino ndifotokoza lamulo lina lachiyuda lomwe linandionetsa kulemera kwa chilembo chimodzi. Gwero lake ndi Eksodo 21:7-11, koma aphunzitsi achiyuda analikambirana mozama mu Mishnah, yomwe inasonkhanitsidwa cha m'ma 200, komanso mu Talmud ya ku Babulo, m'gawo lotchedwa Kiddushin.

Bambo wosaukitsitsa ankaloledwa kugulitsa mwana wake wamkazi kuti akakhale mdzakazi, pokhapokha mwanayo akadali wamng'ono. Mtsikanayo ankamasuka pakatha zaka 6, chikafika chaka cha Jubile, mbuye wake akamwalira, akawomboledwa ndi ndalama, kapena akangotha msinkhu. Nthawi ya ukapoloyo isanathe, mbuyeyo ankatha kumutomera kuti akhale mkazi wake kapena wa mwana wake wamwamuna. Kutomera kotereku kumatchedwa yi'ud. Ankanena mawu pamaso pa mboni ziwiri, osaperekanso ndalama zina, ndipo kuchokera pamenepo mtsikanayo sankakhalanso wantchito koma wotomeredwa, woti ukwatiwo sungathe popanda kalata yachisudzulo kapena imfa.

Apa mpamene panabuka mkangano. Mwa chizolowezi, mkazi ankatomeredwa ndi ndalama kapena chinthu chamtengo wosachepera perutah, kandalama kochepetsetsa. Nanga mdzakaziyu watomeredwa ndi chiyani? Aphunzitsi ambiri anati ndi ndalama zomwe bambo wake analandira pomugulitsa. Rabi Yose, mwana wa Rabi Yehuda, anakana. Iye anati chomwe chikumutomera ndi ntchito yotsala imene mbuyeyo wamukhululukira, choncho pa tsiku lomaliza payenera kutsala nthawi yokwana ntchito ya perutah imodzi. Ine ndimakokeka ndi maganizo achiwiriwa chifukwa amalekanitsa malonda ndi ukwati, ngakhale kuti pang'ono pokha.

Chomwe chinandikopa kwambiri monga wophunzira chiyankhulo chili pa ndime 8. Pali liwu lomveka kuti lo. Likalembedwa ndi chilembo cha alef limatanthauza "ayi". Likalembedwa ndi vav limatanthauza "kwa iye". M'malemba muli alef, koma mwambo wa kawerengedwe umatsatira vav. Motero diso limawerenga kuti mbuyeyo sanamutomere, pamene womvera amatengapo zoti mtsikanayo ndi wotomeredwa kwa iye. N'chifukwa chake Mabaibulo omasuliridwa amasiyana pa ndimeyi.

M'ndime yomweyo muli liwu lina la tsinde la b-g-d, lomwe limabala mawu otanthauza chovala komanso chinyengo. Rabi Akiva anamvapo chovala: mbuye akamufunditsa chovala chake, ndiye kuti akamutomera, bambo sangadzamugulitsenso. Rabi Eliezer anamvapo chinyengo: bambo amene wamugulitsa kamodzi wamuchita chiwembu, ndipo sangabwerezenso. Chihebri chakale chinkalembedwa popanda mavawelo, ndiye tsogolo la mwana linkadalira m'mene wowerenga watchulira zilembo zitatu.

Talmud imanenanso kuti kutomeraku sikungachitike mtsikanayo asakudziwa. Koma kunena zoona, sindikhulupirira kuti mwana wosakwana zaka 12, wokhala m'nyumba ya womugula, akanatha kukana momasuka. Aphunzitsiwo ankaphunzitsanso kuti ukapolo wa Mhebri umagwira ntchito pokhapokha Jubile ikusungidwa, ndipo m'nthawi yawo inali italeka kalekale. Ankatsutsana za lamulo limene iwo eni ankati silikugwiranso ntchito. Komabe pa ndime 10, yonena kuti mbuyeyo akakwatira mkazi wina asachepetse chakudya, zovala ndi ufulu wa m'banja wa mtsikanayu, ndi pomwe anatengapo udindo wa mwamuna aliyense wachiyuda kwa mkazi wake.