CIKHO CA DAVIS: DZIKO LALING'ONO LINGATHE KUKWERA

Ambiri a inu awerengi mudziwa kuti m'mpira wa miyendo maiko a m'cigawo cimodzi amayamba apikisana okha-okha asanapite ku Cikho ca Dziko Lonse. Masewera a tenisi nawonso ali ndi dongosolo lotero. Tenisi ndi masewera a kampira kakang'ono kamene amakamenya ndi raketi kuti kadumphe ukonde womangidwa pakati pa bwalo. Amasewera mmodzi ndi mmodzi, kapena awiri mbali ino, awiri mbali inayo. Mpikisano wa matimu a amuna oimira maiko ao umachedwa Cikho ca Davis.

Cikhoci cinayamba m'caka ca 1900 mu mzinda wa Boston, ku United States. Mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Harvard, dzina lake Dwight Davis, ndiye anagula cikhoco, ndipo pa caka cimeneco panakumana matimu awiri okha, ya United States ndi ya Britain. Maiko atacuruka, kunakhala kobvuta kuti onse aziyenda maulendo atali-atali a pa nyanja. Motero m'caka ca 1923 anawagawa m'zigawo ziwiri, ca America ndi ca Europe. Cigawo ca kum'mawa cinaonjezedwa mu 1955. M'caka ca 1981 anakhazikitsa Gulu la Dziko Lonse la maiko 16 amphamvu koposa, ndipo otsalawo anakhala m'magulu a m'zigawo, ena pamwamba ena pansi, monga makwerero. Wopambana amakwezedwa, wolephera amatsitsidwa.

Kwa zaka zambiri, maiko awiri akakumana anali kusewera masewera asanu pa masiku atatu: anai a mmodzi ndi mmodzi, ndi amodzi a awiri-awiri. Dziko loyamba kupambana atatu ndilo linali kupitirira. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Timu ya mpira wa miyendo ifuna anyamata 11, koma m'Cikho ca Davis anyamata awiri aluso angathe kusenza dziko lonse pa mapewa ao.

Anansi athu a ku Zimbabwe anaonetsa zimenezi poyera. Bambo Don Black, amene anasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, anakonza mabwalo a udzu pakhomo pao ku Harare, nayamba kuphunzitsa ana ao akali aang'ono. Ana ao amuna awiri, Byron ndi mng'ono wake Wayne, ndiwo anakweza Zimbabwe kucokera m'cigawo ca Europe ndi Africa. M'caka ca 1997 anagonjetsa Austria mu Harare, ndipo dziko lao linalowa m'gulu la maiko 16 lija.

Caka cotsatira, mu April 1998, anapita ku Mildura kukakumana ndi Australia, dziko limene linatenga cikhoci kambiri-mbiri. Palibe amene anayembekeza kuti alendowo angapambane. Koma Byron anagonjetsa Patrick Rafter, amene anali atapambana mpikisano wa US Open mu 1997, ndipo pa tsiku lomaliza anagonjetsanso Jason Stoltenberg. Zimbabwe inapambana 3-2. Pambuyo pake inagonja kwa Italy, komabe inakhala m'gulu lapamwambalo zaka zitatu. Mu 2000 timu ya United States inabwera ku Harare ndi Andre Agassi, motsogozedwa ndi John McEnroe, ndipo inapulumuka mwamwai ndi 3-2.

Koma mphamvu yodalira anthu awiri siikhalitsa. Pamene abale awiriwo analeka kusewera, panalibe anyamata okwanira a msinkhu wao wa luso olowa m'malo mwao, ndipo Zimbabwe inatsika makwerero aja kubwerera m'magulu a m'munsi. Cimene cinakweza dzikolo ndico cinalitsitsanso. Nyumba yoimirira pa mizati iwiri imagwa mzati umodzi ukadyedwa ndi ciswe.

Dongosolo la pamwamba linasinthidwa m'caka ca 2019, koma magulu a m'zigawo akalipo. Kuyambira mu 2010 maiko a mu Africa a m'gulu lacitatu amapikisana paokha, osasakanizana ndi a ku Europe. M'magulu a m'munsiwa matimu onse amasonkhana mu mzinda umodzi kwa masiku owerengeka, ndipo maiko awiri akakumana amasewera masewera atatu okha: awiri a mmodzi ndi mmodzi, ndi amodzi a awiri-awiri. Zimenezi zimacepetsa ndalama za ulendo. Kumeneko kulibe khamu lalikuru la oonerera, koma ndiko kumene dziko limadziwikira ngati liri ndi ana amene akukula m'masewerawa. Zambia nayo inasewerako m'magulu a m'munsi a cigawoci m'zaka za m'ma 1990.

Kuno kwathu mabwalo ambiri a tenisi anamangidwa m'makalabu a m'matauni ndi a ku migodi, kutali ndi mwana wa ku Katete kapena ku Petauke. Komatu bwalo la tenisi ndi laling'ono, m'litali mwake silifika mamita 24, ndipo lingakonzedwe pa dothi losalazidwa bwino pafupi ndi sukulu. Akulu-akulu anati m'mera mpoyamba. Dziko lofuna kukwera ndi kukhazikika pamwamba liyenera kuphunzitsa ana ambiri, osati awiri okha, kuti mkulu akatopa mng'ono alandire raketi. Aphunzitsi ndi makolo amene ali ndi kamalo kosalala pa sukulu pao angathe kuyamba ndi ukonde umodzi ndi timipira towerengeka.