Opanga Nsomba a ku Newfoundland

Ku Newfoundland, chilumba cha kum'mawa kwa Canada, munthu akati fish ankatanthauza nsomba imodzi yokha, ya cod. Zina zonse ankazitchula mayina awo. Nsombayo ikavuulidwa, ntchito inali isanayambe n'komwe. Inkafunika kuipanga, zomwe eni ake ankati making fish: kuitumbula, kuithira mchere ndi kuiyanika mpaka iume gwa, kuti ikafike ku Portugal, Spain, Italy kapena Brazil isanawole. Amuna ankapita panyanja, koma ambiri mwa opanga nsomba anali amayi ndi ana.

Bwato likakocheza, nsomba ankaziponya pa stage, kanyumba kamitengo komangidwa pamwamba pa madzi. Patebulo pankaima anthu atatu. Cut-throat ankacheka pakhosi n'kung'amba mimba. Header ankachotsa chiwindi n'kuchiponya mumgolo wa mafuta, kutulutsa matumbo, kenako kuthyola mutu m'mphepete mwa tebulo. Katswiri anali splitter, amene ankatambasula nsombayo ndi mpeni n'kuchotsa fupa la msana osawononga mnofu. Pomaliza pankabwera salter, ndipo dzanja lake linkafunika kudziwa muyeso: mchere ukachepa nsomba inkawola, ukachuluka inkapsa.

Mchere ukalowerera ankazitsuka n'kuziunjika mulu wotchedwa waterhorse kuti madzi akhe. Zikatero zinkapita pa flake, thandala lalitali lamitengo loyalapo nthambi za spruce kuti mphepo izidutsa kunsi. Wokulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi angakumbuke mathandala a usipa. Kwina ankayanika pamiyala, pamalo otchedwa bawn, ndipo ku Grand Bank amayi olembedwa ntchito yoyanika pamiyala ankadziwika kuti beach women.

Apa m'pamene panagona luso lonse, ndipo ine ndimaona kuti amayi amenewa sanapatsidwe ulemu wokwanira. Mayi ankadzuka n'kuyamba wayang'ana kumwamba. Kukacha bwino ankayala nsomba imodziimodzi, khungu pansi, mnofu kudzuwa. Dzuwa likaswa mtengo popanda kamphepo nsomba inkapsa, mnofu n'kumayoyoka, choncho ankaitembenuza msanga. Mtambo ukada, poto ankamusiya pamoto, ana onse kuthamangira kuthandala, aliyense kukumbatira yaffle, kutanthauza nsomba zokwana m'manja awiri, n'kuzisanja timiyulu totchedwa faggots, khungu pamwamba kuti mvula izitsetsereka. Chifunga chikakhala masiku angapo nsomba inkachita nkhungu yofiirira, imene ankati dun. Ntchentche nazo sizinkagona. Zimenezi zinkachitika m'mawa ndi madzulo kwa masabata ambiri, kwinaku mayi yemweyo akulima dimba la mbatatesi, kuyanika udzu wa ziweto ndi kulera ana.

Thukuta lonseli linkathera m'manja mwa munthu mmodzi, culler, wosankha nsomba m'magiredi. Ankaitenga, kuiyang'ana mbali zonse, kuiponya pamulu: merchantable yapamwamba, Madeira yapakati, West India yotsikitsitsa. Yotsikayi m'nthawi ya ukapolo inkagulitsidwa kuzilumba za Caribbean kukadyetsa akapolo a m'minda ya nzimbe, n'chifukwa chake mpaka lero chakudya chotchuka cha ku Jamaica ndi chipatso cha ackee ndi nsomba yamchere. Vuto linali lakuti culler kawirikawiri ankalipidwa ndi wamalonda wogulayo. Wamalonda yemweyo ndiye ankakongoza banja mchere, ufa ndi zingwe nyengo ikamayamba, n'kudzalandira nsomba poyeza ndi quintal, mapaundi 112. Mitengo ya mbali zonse ziwiri ankaika yekha, ndipo mabanja ambiri ankatha chaka osagwira ndalama m'manja. Kudyeredwa masuku pamutu kumeneku n'kumene kunachititsa William Coaker kuyambitsa bungwe la asodzi la Fishermen's Protective Union mu 1908.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale oumitsa nsomba ndi madzi oundana anachuluka, amayi n'kuyamba kulowa ntchito yolandira malipiro, mathandala n'kumagwa. Koma mawu a ntchitoyi anapulumuka chifukwa George Story, William Kirwin ndi John Widdowson anawasonkhanitsa, ena kuchokera m'makaseti a mawu a okalamba, mu Dictionary of Newfoundland English ya mu 1982. Patatha zaka khumi, mu July 1992, boma la Canada linaletsa usodzi wa cod ya kumpoto chifukwa nsombayo inali itatsala pang'ono kutha, ndipo anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito. Usodziwo unatsegulidwanso mu 2024, koma pamlingo wochepa kwambiri.