Mpira Ukatha, Ana Athu Amalowera Kuti? Za Mowa pa Mipikisano ya Masukulu ku Songani

Pakati pa ntchito zonse zimene aphunzitsi a dziko lino amagwira, palibe ina yokondweretsa anthu a m'midzi koposa kukonza masewera a ana a sukulu. Tsiku la mpikisano makolo amasiya makasu, ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe amasamukira kubwalo, ndipo mwana wosadziwika m'kalasi amatchuka m'dera lonse chifukwa cha chigoli chimodzi. Koma pali mlendo wina amene amafika pamasewerawa wosaitanidwa, ndiye mowa. Ndipo oumwa si akuluakulu okha ayi, alipo anyamata ndi atsikana a zaka 14, 15 ndi 16, ena mwa iwo osewera a timu. Nkhani imeneyi tifuna kuipenda titaima pa Songani, m'boma la Zomba. Sitikunena kuti ana a kumeneko ndi opulupudza kuposa anzawo. Tasankha malowa pakuti zinthu zobala vutoli zimaonekerapo pamodzi.

Malo a sukulu, malo a malonda

Songani ndi msika wa pa msewu waukulu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, m'dziko la Mfumu Malemia. Kumadzulo kwake kuli mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo kum'mawa dziko limatsetsereka kufikira kumadambo a nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umakathira. Dera limeneli lidadziwa maphunziro kale ndithu. Mishoni ya Domasi idayambika mu 1884. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Boma lidatsegula sukulu ya Jeanes pa Domasi pomwepo, ndipo kufikira lero aphunzitsi ambiri a sekondale amasulidwa pa Domasi College of Education. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, ndi sekondale zoyendera zimene zidabwera pambuyo pake, ana odutsa pamsika m'mawa ndi madzulo achuluka kwambiri.

Komanso deralo ndi la malonda. Matemba ndi milamba ya ku Chilwa, mpunga wa kusikimu ya Domasi, ndi zipatso za m'mphepete mwa mapiri zimadzetsa ndalama pamsewu. Mnyamata wa Fomu 2 atha kupeza kangachepe mwa kusenza katundu tsiku la msika, kupalasa kabaza kapena kuthandiza asodzi pa tchuthi. Ndalama yotereyi ndi yabwino, pakuti imagula makope ndi sopo. Koma imakwaniranso kabotolo kamene kamabisika m'thumba la kabudula.

Mowa wa makolo ndi mowa wa lero

Makolo athu ankafulula mowa, koma udali ndi mwambo wake. Masese ankafululidwa pa dima, pa ukwati kapena pa sadaka. Ankamwedwa poyera, chipanda chikuyenda pakati pa akulu, ndipo ana ankapatsidwa thobwa. Mwana sakadatha kuba mtsuko wa mowa nkuubisa m'malaya. Mowa umene ukuvuta lero ndi wamtundu wina: kachasu wotchezedwa m'midzi, amene ukali wake palibe wauyesa, ndi mowa waukali wa m'mafakitale wogulitsidwa pang'onopang'ono pa mtengo wotsika.

Boma lathu silidakhale chete pa zimenezi. Lamulo la mowa la 1979, lotchedwa Liquor Act, limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Mu 2015 Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti, umene udafika ngakhale m'zikwama za ana a pulaimale. Mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa, ndipo m'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana. Koma masacheti atachoka, mowa womwewo udalowa m'timabotolo ta pulasitiki ndi m'zigubu zopungulira ogula pang'onopang'ono. Lamulo lilipo ndithu; chosowa ndi maso a munthu wamkulu pa nthawi imene mwana akutambasula dzanja.

Nthawi zitatu zoopsa

Aphunzitsi okhalitsa pa ntchito ya masewera adziwa kuti mowa umalowa pa nthawi zitatu. Yoyamba ndi mpira usanayambe, pamene mnyamata wogwidwa nthumanzi amanyengedwa ndi mnzake kuti kukhosi kukatentha mantha amathawa. Yachiwiri ndi mpira uli mkati, ndipo apa ogwidwa si osewera koma ochemerera, gulu lija la atsikana ndi anyamata limene limayimba, kuomba m'manja ndi kuvina kuzungulira bwalo. Iwowa amatsagana ndi timu, koma kawirikawiri mayina awo salembedwa pena paliponse, ndipo mphunzitsi maso ake ali pa mpira. Mwana wamanyazi amauzidwa kuti akalawa pang'ono mawu amatuluka ndi chiuno chimamasuka.

Yachitatu, yoopsa koposa zonse, ndi mpira utatha. Masewera oyenera kuyamba 1 koloko amayamba 3 koloko chifukwa timu ina idachedwa kapena mlendo wolemekezeka sadafike; amatha dzuwa litapendeka; mphunzitsi amatola mipira ndi mayunifolomu nkukwera njinga yake, ndipo ana amabalalika. Ena amayenda mailosi angapo mumdima, ena amadikira lole pamsika, pafupi ndi malo omwera mowa. Opambana amamwa pokondwera, ogonja amamwa poiwala manyazi. Pakati pa wezulo womaliza ndi khomo la kwawo pali maola awiri kapena atatu amene mwana sali m'manja mwa sukulu, ndiponso sali m'manja mwa makolo.

Tsono tifunse: ndani amagula mowawo? Nthawi zambiri ndi munthu wamkulu. Pali sapota wokondwa amene amagulira womwetsa zigoli kabotolo monga mphotho. Pali mwamuna amene amagulira mtsikana wochemerera ndi cholinga chodziwa yekha, ndipo chotsatira chake ndi mimba kapena matenda. Pali opereka zikho za m'madera, aphungu ndi amalonda, amene ndi mtima wabwino amapereka ndalama m'manja mwa kaputeni wa zaka 16 dzuwa likulowa, pakati pa msika. Ndipo pali wogulitsa amene amaona bwino lomwe kuti wogulayo ndi mwana, nalandira ndalamayo.

Vutoli silisankha dziko losauka. Ku America kuchemerera kudasanduka masewera paokha, otchedwa cheerleading, ndipo chaka ndi chaka achinyamata zikwizikwi amasonkhana mumzinda wa Orlando kukapikisana. Kumeneko, kutsatira lamulo la 1984, munthu sagula mowa asanakwane zaka 21. Komabe okonza maulendo a ana amalemba malamulo oletsa mowa ndi kuika akulu otsagana nawo usana ndi usiku, podziwa kuti mwana ali kutali ndi kwawo, mtima uli m'mwamba, sachedwa kukopeka.

Chimene mowa umachita m'thupi la wosewera

Aphunzitsi a masamu aone chiwerengero ichi. Mowa waukali wa m'mafakitale umakhala ndi ukali wa magawo pafupifupi 40 pa 100, pamene mowa wamba wa m'mabotolo uli ndi magawo 5. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali kali ndi ukali wolingana ndi mabotolo pafupifupi 5 a mowa wamba a mamililita 330. Ukali umenewu ndi magalamu oposa 60, ndipo chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu 8 mpaka 10 okha pa ola limodzi. Ngati wamkulu afunika maola 6 kapena kuposa, nanga mwana wa thupi lochepa?

Taganizani za mwana amene wachoka kwawo m'mamawa atangomwa phala, kapena osadya kanthu, nathamanga pa dzuwa la ku Chilwa. Thukuta lamuchotsera madzi, ndipo shuga wa m'thupi wachepa. Mowa ukalowa umaletsa impso kusunga madzi, kotero thupi limaumiratu. Ndiponso chiwindi, potanganidwa ndi mowa, chimaleka kupanga shuga. Mwana wotere atha kukomoka, anzake nkumayesa kuti wagona. Mphunzitsi aliyense adziwe ichi: mwana woledzera amene sakudzuka asasiyidwe yekha, asagonekedwe chagada pakuti atha kutsamwa ndi masanzi, agonekedwe cham'mbali ndi kutengeredwa kuchipatala msanga, ku Domasi kapena ku Zomba.

Zina zimabwera mwakachetechete. Bondo lobinya limatupa kwambiri ndi kuchedwa kupola munthu akamwa. Ubongo umapitiriza kukhwima kufikira munthu atapitirira zaka 20, ndipo madokotala adapeza kuti oyamba mowa asanakwane zaka 15 amagwa m'uchidakwa kawirikawiri koposa oyamba atakula. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti mu 2019 anthu 2,600,000 adafa chifukwa cha mowa. Anthu a boma la Zomba safunika kuuzidwa zambiri, pakuti chipatala chachikulu cha Boma cha matenda a maganizo chili pakhomo pawo, ndipo mowa ndi chamba zili m'gulu la zinthu zimene zimafikitsako achinyamata.

Phunziro la ku Iceland

Ena amati mankhwala ake nkuletsa mipikisano. Ife tikana. Dziko la Iceland, ku Ulaya, lidali ndi vuto lalikulu: mu 1998 ana 42 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 adavomera kuti adaledzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 adatsala 5 pa 100. Anthu a kumeneko adachulukitsa masewera, naika aphunzitsi ophunzitsidwa bwino kuwayang'anira. Adaika lamulo loti ana a zaka 13 mpaka 16 asapezeke panja nthawi itapitirira 10 koloko usiku m'nyengo yozizira, ndipo makolo adapangana kudziwa kumene ana awo ali ndi amene ali nawo. Chidachiritsa ana ndi kukhalapo kwa munthu wamkulu, mpira udali chida chabe. Zimenezi si zachilendo kwa ife, pakuti makolo athu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zoyenera kuchita

Choyamba, masewera aziyamba pa nthawi yake ndi kutha pofika 4 koloko, kuti mwana wa kutali afike kwawo kusanade. Mlendo wolemekezeka akachedwa, apeze mpira uli mkati.

Chachiwiri, mayina aitanidwe ponyamuka, pofika ndi pobwerera, ndipo m'kaundula mulembedwe ochemerera pamodzi ndi osewera. Pa ulendo uliwonse pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa gulu la amayi a pasukulu woyang'anira atsikana. Ana anyamukire pasukulu ndi kubwerera pasukulu pomwepo, osatsitsidwa pamsika.

Chachitatu, mphotho zikhale mipira, mayunifolomu, nsapato ndi makope. Ngati ndi ndalama, ziperekedwe kwa komiti ya sukulu pamaso pa anthu. Aphungu ndi amalonda amene amathandiza masewera akuchita ntchito yotamandika, ndipo sadzakana malangizo otere akawamva kwa mphunzitsi wamkulu.

Chachinayi, ana adye. Ndowa ya thobwa, madzi abwino ndi nthochi zochepa zimatseka khomo limene njala ndi ludzu zimatsegulira mowa.

Chachisanu ndi cha antchito a Boma. Khonsolo ya boma ndiyo imapereka ziphaso za mowa, tsono ili ndi mphamvu pa wogulitsa amene amwetsa ana. Alangizi a maphunzitsidwe a m'madera adziwitse apolisi ndi mafumu tsiku la mpikisano lisanafike, kuti nyakwawa zichenjeze otcheza kachasu, ndi apolisi a m'midzi ayendere malo ozungulira bwalo. Mashehe ndi abusa, amene mawu awo amamveka kwambiri m'dera la Songani, aitanidwe pa upo womwewo. Bungwe la masewera a m'masukulu la MASSA pamodzi ndi ofesi za maphunziro atha kulemba mfundo zimenezi pa pepala limodzi, loti mphunzitsi wamkulu aliyense asainire.

Chotsiriza ndi chowawa, koma tiyenera kuchinena. Mphunzitsi kapena kalaliki amene afika pabwalo akununkha mowa waphunzitsa ana phunziro limene palibe ulaliki ungalifafanize. Tsiku la masewera ndi tsiku la ntchito, ngakhale likhale Loweruka. Ndipo mwana akapezeka atamwa, kumuchotsa m'timu kokha ndiko kumupereka kwa omwe adamumwetsa. Aitanidwe makolo ake, alangizidwe, alangidwe moyenera, ndipo afunsidwe dzina la amene adamugulitsa.

Dziko lino laona kumene bwalo la fumbi lingafikitse mwana. Mwai Kumwenda wa ku Mzimba adasankhidwa wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa manja ku Sydney mu 2015. Timu ya amayi ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Temwa Chawinga wa ku Rumphi adalemekezedwa monga wosewera woposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Ndani anganene kuti pakati pa ana othamanga opanda nsapato pa Songani palibe wina wotere? Boma lapereka malamulo, otsala ndife. Kuongola mtengo mpoyamba. Aphunzitsi, ntchito yanu ya tsiku la mpikisano imatha pamene mwana womaliza walowa m'nyumba ya makolo ake.