INJINI YAIKULU, KOLOSI YAING'ONO



Tsiku lina tidanyamuka pa Mangochi boma kulowera ku Makanjira, kuperekeza mtsikana wina wa pa madrasa pathu ku nikah yake. Tidakwera pikapu ya matola, titathithikana pamodzi ndi matumba a mpunga. Mwini wake, m'bale wathu amene timaswali naye Jumu'ah, adali atangochotsa injini yakale n'kuikamo yaikulu, ndipo njira yonse ankanyadira kuti galimoto yake sidziwanso chitunda. Titafika pa kamtsinje kena ka mchenga adalowetsa giya yoyamba naponda mafuta. Tidangomva kuti phwaa! kenako gu-gu-gu kunsi kwa mapazi athu. Injini inkalirabe koma galimoto idangoti chilili. Chitsulo chachitali cha kunsi chija chidali chitagwera mumchenga.

Alhamdulillah palibe adavulala, kungoti mkwatibwi adafika usiku, mpunga utazizira. Koma makaniko amene adabwera kudzatithandiza adatiuza mawu otiopsa: chitsulocho chikadamasuka mbali ya kutsogolo tili pa liwiro, bwenzi chitazika pansi n'kuitembenuza galimoto. Popeza mabanja ambiri kunyanja kuno amadalira pikapu ponyamula usipa, odwala ndi maliro, tidaona kuti n'koyenera tifufuze ndi kugawana nanu nkhaniyi.

CHITSULO CHIMENECHI N'CHIYANI?

Amakaniko amachitcha propshaft. Ndi paipi yachitsulo imene imatenga mphamvu ku giyabokosi kukaipereka ku difu, ndipo difu ndiyo imazunguza matayala a kumbuyo. Popeza matayala amadumphadumpha m'maenje pamene giyabokosi ili malo amodzi, paipiyi ili ndi mfundo kumapeto kwake zoilola kupindika uku ikuzungulira. Pakati pa mfundo iliyonse pali kachitsulo ka manja anayi, kooneka ngati chizindikiro cha kuphatikiza pa masamu, kotchedwa kolosi. Dzanja lililonse lavala kachipewa kodzaza timasingano tachitsulo tosambira mu girisi. Luso limeneli si lalero: Clarence Spicer wa ku America adayamba kupanga mfundo zotere za galimoto mu 1904.

Kolosi imakwana m'chikhatho cha mwana wa madrasa, komabe mphamvu yonse ya injini imadutsa pamenepo.

N'CHIFUKWA NINJI IMADUKA?

Mphamvu yopotokola ya injini amaiyeza mu Nm. Injini ya Toyota ya dizilo yotchedwa 2L imatulutsa pafupifupi 160 Nm, pamene 1KZ-TE, imene ili ndi turbo, imafika pafupifupi 290 Nm. Giya yoyamba imachulukitsa mphamvuyi pafupifupi kanayi, kotero kolosi imene idazolowera 640 Nm imapezeka ikusenza yoposa 1,100 Nm. Tsono onjezani katundu wopyola muyeso, ndi matayala amene akuzungulira mumchenga kenako n'kugwira nthaka yolimba mwadzidzidzi. Zili ngati kumanga ng'ombe yamphongo ndi chingwe cha mbuzi.

Liwiro nalo lili ndi mlandu. Pa giya yachinayi ya magalimoto ambiri otere propshaft imazungulira mofanana ndi injini, ndiye injini ikafika 3,000 pa mphindi, paipi ija ikuzungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Paipi iliyonse ili ndi liwiro limene ikalifika imayamba kuwerama ngati chingwe chodumphira ana. Ikakhala yaitali imafika msanga pamenepo, ikakhala yonenepa imapirira. N'chifukwa chake magalimoto aatali ali ndi propshaft ya zigawo ziwiri, yogwiridwa ndi bering'i pakati.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, amene akusunga ndalama ya injini yaikulu asungenso ya propshaft. Ngati n'kotheka gulani injini, giyabokosi ndi propshaft za galimoto imodzi, popeza zidapangidwa kuti zisenzane.

Chachiwiri, kulitsani kolosi. Mwachitsanzo, pa miyeso ya Spicer, kolosi ya 1310 ili ndi zipewa za mamilimita 27 pamene ya 1350 ili ndi za mamilimita 30. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma kulimba kwake n'kosiyana zedi. Dziwani kuti kolosi yaikulu imafunanso zibwano zazikulu zoigwira. Kuisintha yokha n'kusiya zibwano zakale n'kungosamutsa vuto.

Chachitatu, musalole kuti paipi idulidwe ndi kuwotchereredwa pansi pa mtengo wa mango poyeza ndi maso. Ikafupikitsidwa kapena kutalikitsidwa iyenera kupita pa makina oyeza ngati yawongoka ndiponso ngati kulemera kwake kwafanana mbali zonse. Kupita nayo ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kotsika mtengo kuposa giyabokosi yosweka.

Chachinayi, zibwano za kumapeto onse awiri a paipi ziyang'ane mbali imodzi, ndipo kupendekeka kwa mfundo ya kutsogolo kufanane ndi kwa ya kumbuyo, makamaka pakati pa digiri 1 ndi madigiri 3. Eni matola amakonda kuonjezera masipuling'i kuti anyamule zambiri. Kutero kumakweza galimoto ndi kusintha kupendekeka kuja, ndipo kolosi imatha msanga.

Chachisanu, mangani ndi mabauti olimba opangidwira malowo, osati otola m'chitini. Muikenso chitsulo chozungulira paipi ngati lamba, pafupi ndi mfundo ya kutsogolo. Pa mipikisano ya magalimoto amphamvu ku America lamulo limafuna lamba wotere pa mtunda wosapyola masentimita 15 kuchokera pa mfundoyo, kuti kolosi ikaduka paipi isazike pansi. Ngati amateteza munthu mmodzi wothamanga mwa kufuna kwake, nanga ife onyamula amayi ndi makanda?

KOLOSI IMACHENJEZA ISANADUKE

Mukamva kuti go! polowetsa giya kapena pochotsa phazi pa mafuta, kulira kwa tswi-tswi poyenda pang'onopang'ono, kapena kunjenjemera pansi pa mpando liwiro likakwera, imani. Zimitsani injini, tchingani matayala ndi miyala, chotsani giya, ndipo mugwedeze paipi ndi manja. Ikamasewera pa mfundo, kapena mukaona fumbi lofiira la dzimbiri m'mbali mwa zipewa, kolosi yatha. Kuno kwathu madzi ndi mchenga ndiwo adani ake, choncho mukawoloka mitsinje popani girisi mpaka watsopano atulukire m'zipewa zonse zinayi. Inunso amayi ndi ana okwera kumbuyo, mukamva phokoso lachilendo musachite manyazi kumuuza dalaivala.

AMANA

Munthu akakwera galimoto yanu wakusungitsani moyo wake, ndipo imeneyo ndi amana imene mudzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo. Kuyedzamira mwa Allah sikutanthauza kulekerera. Timayamba tamanga ngamira, kenako n'kuyedzamira. Chimodzimodzi pogulitsa galimoto: kubisa propshaft yowotcherera mwachinyengo n'kubisa chilema cha malonda, zimene Chisilamu chimaletsa.

M'bale wathu uja adaimika pikapu yake milungu itatu, nakongola ndalama kwa achibale yogulira propshaft yoyenera. Adadandaula za phindu limene lidamudutsa, koma lero ana athu amakwera ife mitima ili m'malo. Allah atiteteze m'maulendo athu onse. Ameen.