Akakumba mseu, amakumbanso m'thumba mwa wa kantemba

Mu tauni ya Lusaka malonda amatsata mapazi, ndipo mapazi amatsata minibasi. Pamene kondakita wamenya citseko n'kukuwa kuti "Selukani bonse, yasila!" ndiye pamene pamabadwa msika. Yang'anani pa Kulima Tower, pa City Market, pa Millennium kapena pa Lumumba. Pa geti iliyonse mupeza amai a vitumbuwa, mnyamata wa macaja a foni, buti ya mobile money, wosoka nsapato, ndi uja wa nshawa ndi tute. Palibe anawaitana. Anakhala pansi, anawelenga mapazi athu, napeza kuti apa ndiye popita anthu.

Manje tiyelekeze kuti Mande m'mawa mwapeza malata atachinga mseu, cikatapila cili mkati, ngalande yakumbidwa kutsogolo kwa mashopu, ndipo basi yakuselutsani pa kona ina. Kwa ise okwela ni nkhani ya fumbi pa nsapato ndi kucedwa ku nchito. Timadandaula pang'ono, tipeza njila ina, pakapita masiku atatu tazolowela. Koma kwa amene ali kuseli kwa malata aja, msika wawo wasamuka usiku umodzi, iwo n'kutsala pamalo pamodzi ndi lenti.

Izi si nthano. Tinaziona ndi maso pa nchito yocepetsa kuthithikana kwa mamotoka mu Lusaka, imene inayamba mu 2018. Kampani ya ku India ya Afcons ndiyo inagwila nchitoyo, pa mtengo wa madola 289 miliyoni, ndipo ndiyo inatipatsa ma flyover a pa Makeni, pa Arcades, pa Munali ndi pa Longacres. Okwela mabasi a ku Chelstone ndi ku Kaunda Square akumbukila bwino mmene Great East Road inalili: lelo mupita uku, mailo mupita uko, basi imaima pamene dalaivala wapeza mpata. A ku Makeni ndi ku Chilanga nawonso anadya fumbi lawo pa Kafue Road. Miseu inatha, ndipo ni yabwino, tisaname. Koma nchito ya mtundu uwu siitha m'sabata imodzi. Imatenga miyezi, nthawi zina zaka, ndipo wa kantemba alibe ndalama yodikila nayo zaka.

Apa mpofunika kumvetsa mmene ndalama ya malonda ang'ono imayendela, cifukwa ambili a ise olandila kumapeto kwa mwezi sitiiganizila. Mai wa tomato ndi lepu amauka kukali mdima kukaoda ku Soweto. Alipila wa wilibala, alipila basi, afika pamalo pake. Ndalama imene waodela lelo ndiyo imene anagulitsa dzulo. Phindu lake ni ija yotsala pamwamba, yogulila pamela ndi malasha madzulo. Akagulitsa theka cabe la katundu, sikuti phindu lacepa ndi theka ayi. Phindu lonse lapita, ndipo mpamba wayamba kudyeka, pakuti tomato sayembekeza kontilakita kuti atsilize. Masiku ocepa otelo, mai uja walephela kuponya cilimba. Akalephela kawili, anzake ayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Cotsatila ni kaloba, ndipo wa kaloba safunsa ngati mseu watsegulidwa.

Wa shopu yomanga naye sali bwino kwenikweni, ngakhale aoneka ngati bwana. Wometa tsitsi, wokonza mafoni, telala, wa lesitilanti ya nsima: onsewa landilodi amafika pa 1 mwezi ulionse, mseu ukhale wotseka kapena wotsegula. Malaiti alipila, laisensi ya khanso alipila, mtsikana wothandiza ayembekeza yake. Wa nsima ndiye amavutika koposa, cifukwa palibe munthu afuna kudya nsima yokukuta mcenga. Masitolo akuluakulu sagona ndi njala. Ali ndi nthambi ku Manda Hill, ku Levy, ku Cosmopolitan, ndipo kasitomala akathawa kuno amamugwila uko. Wa kantemba nthambi yake ni imodzi, thebulo lomwelo.

Ena adzati, nanga si anyamata ogwila nchito pa mseu amagula? Zoona, amagula. Mai wa nsima ndi munkoyo amene ali pafupi ndi pamene akumba angapeze makasitomala atsopano ovala zipewa zolimba. Koma ambili a iwo amadya pa nkhongole mpaka mwezi uthe, ndipo nchito ikasendela kutsogolo nawonso asendela, ena osatsazika. Komanso wokumba ngalande sagula diresi ya salaula tsiku lililonse, sasokesa yunifomu ya mwana.

Tsono ife okwela minibasi tingacitenji? Sindikukamba za cifundo copatsa munthu ndalama yaulele. Anthu awa si opemphapempha, ndipo ambili angakhumudwe mukawatenga telo. Cimene afuna ni cimodzi: kuti amene anali kugula apitilize kugula.

Nthawi zambili cimene catilekanitsa ni mtunda wa mphindi zitatu. Basi yakuselutsani patsogolo, mai wanu wa nthoci watsala kumbuyo kwa malata, ndipo pafupi ndi pamene mwaselukila paima kale wina ndi beseni. Simunalakwe kugula kwa watsopanoyo, nayenso ali ndi ana. Koma ngati pali munthu amene kwa zaka wakhala akukuikilani mbasela, amene anakusungilani ambulela yomwe munaiwala, amene anakupatsani cenji ya basi tsiku limene kondakita anakana K100 yanu, mphindi zitatu si zambili. Ngakhale kawili pa sabata. Wamalonda akadziwa kuti pa Citatu ndi pa Cisanu mudzabwela, amadziwa zooda.

Tengani nambala yake ya foni. Ici n'cinthu caching'ono koma ambili sitinacite, cifukwa tinazolowela kuti munthuyo amapezeka pamalo pake monga mtengo wa malaiti. Timam'dziwa kuti "amai ba pa kona" cabe. Kona ikakumbidwa, tam'taya. Kumbukilani City Market itapsa mu July 2017, ndiponso kolela itacititsa boma kucotsa ogulitsa m'miseu mu January 2018. Anthu anamwazikana, ndipo kasitomala wofuna telala wake kapena wokonza wailesi anali kuzungulila tauni yonse kufunsa. Masiku ano pali Airtel Money ndi MTN MoMo. Mungatume uthenga muli mu basi pa Kabwe roundabout, "Nisungileni mazila tileyi imodzi, nibwela," ndalama n'kufika inu musanafike.

Ndipo a nkhongole, tiyeni tikambe cilungamo. Pali ena amene malata a kontilakita awathandiza: apeza cifukwa cosapitilanso pa kantemba pamene analembedwa m'kabuku. "Ah, kuja sikupitika manje." Kupitika kumapitika, mwangosankha njila. Ngati pali nthawi yobweza K50 ya munthu, ni pamene malonda ake aima. Cimodzimodzi ndi kunenelela mtengo. Kunenelela ni mwambo wathu, palibe aletsa, koma kuona munthu wakhala kuyambila m'mawa osagulitsa ndiye n'kumufinya mpaka agulitse pansi pa mtengo umene anaodela, kumeneko si kucenjela.

Pakamwa panu naponso ni malonda. Mu basi timakamba za bola, za ndale, za mtengo wa unga. Kunena kuti "uja okonza mafoni akaliko, mungene cabe kumbuyo kwa malata" sikudya ndalama. Makondakita ndi anyamata oitanila pa siteshoni adziwa tauni kuposa mapu alionse, ndipo iwonso amadya pa tuntemba tomweto. Akafuna, angauze basi yonse.

Amalonda eni ake nawo ali ndi mbali yawo, ndipo apa ndiye pamaoneka ngati uneba ulipo kapena unali wa pakamwa. Mseu ukatsekedwa, ciyeso coyamba ni kulimbilana makasitomala ocepa otsalawo. Koma mashopu khumi a mu mzele umodzi akasonkha, angalembetse cikwangwani cimodzi cacikulu pa kona coonetsa kuti ali otsegula ndi polowela. Angagule matabwa olimba oika pa ngalande m'malo mwa kathabwa kamodzi kogwedezeka kamene gogo saponda. Angasinthane kuthila madzi pa fumbi. Wa hadiweya amene khomo lake lili poyela angalole mai wa vitumbuwa kuika beseni pambali. Sataya kanthu, ndipo wobwelela citumbuwa angakumbukile kuti afuna loko. Kwa landilodi nakonso, munthu mmodzi akapita kukapempha kuti lenti itsike mpaka mseu utseguke, amamuonetsa geti. Akapita onse a m'nyumbayo, landilodi amawelenga zipinda zimene zingatsale zopanda munthu.

Ku khanso ni cimodzimodzi. Wadi iliyonse ili ndi khansala ndi komiti ya citukuko. Ndalama ya CDF, imene inakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022, ili ndi gawo la magulu ndi makopaletivu. Njila yake ni yaitali, mapepala ni ambili, ndipo siingapulumutse tomato wa lelo. Koma gulu lolembetsa limamveka kusiyana ndi munthu mmodzi wokuwa pa windo.

Zimene amalonda ayenela kupempha kwa khanso ndi kwa kontilakita si zodula. Auzidwe tsiku loyamba nchito kukali milungu, kuti asaode katundu wambili. Pasiyidwe njila ya apansi yofika pa khomo lililonse. Akumbe cigawo cimodzi, atsilize, ndiye apite pena, osati kung'amba mseu wonse n'kuusiya. Galimoto yothila madzi ipite tsiku lililonse, osati tsiku lobwela akuluakulu lokha. Ndipo ngalande isasiyidwe yotsegula mvula ikayamba mu November. Tonse tidziwa mmene tauni imakhalila mvula ikagwa ola limodzi: madzi mpaka m'maondo ku Kulima Tower, anyamata a mawilibala n'kuyamba kuolotsa anthu pa ndalama. Onjezanipo dzenje losaoneka pansi pa madziwo.

Koma cimene ndiona kuti cimaiwalika kwambili ni ca pambuyo pake. Timaganiza kuti liboni ikadulidwa zonse zibwelela mwakale. Sizibwelela zokha. Flyover inapangidwa kuti motoka isaime, ndipo motoka imene siima siigula. Mseu ukakula, pakati amaikapo cipupa kapena zitsulo, ndiye kasitomala wa tsidya lija sangaoloke monga kale. Poimila basi pakasunthidwa mamita ocepa cabe, mzele wonse wa tuntemba umasanduka kumbuyo kwa tauni. Amene anapilila fumbi miyezi yonse ija angapeze kuti mseu watsopano wawadutsa pamwamba.

N'cifukwa cake funso lofunsa mainjiniya si lakuti "mutsiliza liti?" lokha. Afunsidwenso kuti basi idzaima pati, apansi adzaolokela pati, ndipo ogulitsa adzakhala pati. Mayankho ake ali kale pa pepala la pulani nchito isanayambe, ndipo pa pepala mzele ungasunthidwe ndi pensulo. Konkili ikauma, pafunika cikatapila cina.