Adamu amene anabwereka thupi la Apollo

M'chaka cha 1504, Albrecht Dürer wa mumzinda wa Nuremberg ku Germany anatulutsa chithunzi cha Adamu ndi Hava chomwe chidakali chotchuka mpaka lero. N'chaching'ono, ngati tsamba la kope la kusukulu. Nkhani yake ndi ya m'Baibulo, koma kaimidwe ka Adamuyo n'ka Apollo, mulungu wa dzuwa ndi nyimbo wa Agiriki, pomwe Hava akufanana ndi Venus, mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma.

Dürer, mwana wa mmisiri wosula golide, anazokota chithunzichi pa chitsulo chaphanthiphanthi cha mkuwa ndi kachitsulo kosongoka. Akatero ankathira inki m'mizeremo, n'kupukuta pamwamba, kenako n'kupanikiza pepala lonyowa pa makina. Mkuwa umodzi unkabala mapepala ochuluka, otsika mtengo, osavuta kunyamula m'chikwama cha wamalonda. Umu ndi momwe milungu yakale inaolokera mapiri a Alps.

Chosema cha Apollo chomwe tsopano chili ku Vatican chinafukulidwa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Pa nthawiyi Dürer anali asanapondeko ku Rome, choncho anachidziwira pa zojambula za ena. Kale mu 1494 anali atakopera ndi cholembera zithunzi zosindikiza za Andrea Mantegna wa ku Italy, kuphatikizapo cha nkhondo ya milungu ya m'nyanja.

Nanga Mkhristu n'kutengeranji thupi la fano? Kwa Dürer, munthu woyamba, wosachimwa, anayenera kukhala ndi thupi lopanda chilema, ndipo thupi lotere ankaliona pa zosema za Agiriki ndi Aroma. Mfundoyi ndi yomveka ndithu, komabe si onse ankagwirizana ndi zoterezi. Mu 1497 otsatira a mlaliki Girolamo Savonarola anasonkha moto mumzinda wa Florence n'kutentha mabuku, magalasi ndi zithunzi zomwe ankati n'zachabechabe.

Dürer sanabise kunyada kwake. Dzina lake lonse analizokota pa kabolodi kolendewera ku nthambi yomwe Adamu wagwira, pafupi ndi chinkhwe. Pansi, pamiyendo ya awiriwo, mphaka wagona moyang'anizana ndi mbewa, ndipo sanaimbwandire, pakuti chipatso sichinadyedwe.