Kodi magazi a msambo amapita kuti mayi akaikitsa lupu ya mahomoni?

Amayi ambiri akamva kuti lupu ya mahomoni imachepetsa msambo, amayamba kaye afunsa kuti nanga magaziwo azipita kuti. Ena amaopa kuti aziundana m'mimba mpaka kusanduka chotupa. Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake lili pa zimene lupuyo imachita m'chiberekero.

Lupuyi ndi kapulasitiki kofewa kooneka ngati chilembo T, komwe namwino kapena dokotala amakalowetsa kudzera pa khomo la chiberekero. M'kati mwake muli mankhwala otchedwa levonorgestrel, okwana mamiligalamu 52 mu mtundu wotchuka wa Mirena, ndipo amatuluka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Dziko la Finland ndi lomwe linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1990.

Mankhwalawa amalimbitsa chikazi cha pa khomo la chiberekero, kotero mbewu ya abambo imalephera kudutsa kukakumana ndi dzira. Amachititsanso kuti m'kati mwa chiberekero musakhuthale. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala khungu lofewa lodzaza magazi pokonzekera mimba, ndipo mimba ikapanda kubwera, khungulo limayoyoka n'kutuluka ngati msambo. Lupu ikakhalamo, khungu limenelo limakhala lopyapyala kwambiri, choncho zoti zituluke zimachepa. Palibe magazi otsekeredwa paliponse. Pakatha chaka, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amasiyiratu kusamba, ngakhale kuti ambiri amapitirizabe kutulutsa dzira.

Kwa mayi amene amataya magazi ambiri mpaka kumva chizungulire, ichi ndi chithandizo ndithu, ndipo madokotala amaiperekanso pa chifukwa chimenechi. Apa imasiyana ndi lupu ya kopa, yomwe kawirikawiri imawonjezera msambo.

Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira imavutako: timagazi timadontha mosayembekezereka, ndipo ena amamva kupweteka m'munsi mwa mimba. Ine ndimaona kuti achipatala ayenera kumufotokozera mayi zimenezi asanamuike, kuti asadzathamangire kukachotsa ndi mantha.

Pa amayi 100 oigwiritsa ntchito kwa chaka, otenga pakati sakwana ndi mmodzi yemwe. Mu 2022 dziko la America linavomereza kuti Mirena izikhala m'thupi mpaka zaka 8. Mayi akafuna mwana, namwino amakoka tizingwe ta lupuyo n'kuichotsa, ndipo angathe kutenga pakati posakhalitsa. Koma lupu siteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana, ntchito imeneyo ndi ya kondomu.